Ukwati womangidwa ku Mozambique sufera pa chipata cha Marka

Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuli mphekesera yoti ukwati womangidwa ku Mozambique ulibe mphamvu kuno, moti bambo akangowoloka pa Marka, chipata cha m'malire a Malawi ndi Mozambique, n'kufika ku Bangula ndiye kuti wamasuka, khoti silingamufunse za mkazi ndi ana. Limeneli ndi bodza, ndipo amene akulira nalo kwambiri ndi amayi.

Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati womangidwa motsatira malamulo a dziko lina, ngati mmodzi kapena onse awiri ali pansi pa malamulo a dzikolo. Choncho woweruza safunsa ngati mwambowo ukufanana ndi wa kwathu. Amafunsa kuti unachitikira kuti, ndipo kumeneko unakwanira kapena ayi. Malamulo a ku Mozambique khoti lathu siliwaloweza pamtima; amene akuwadalira ayenera kuwabweretsa ngati umboni, kawirikawiri kudzera mwa katswiri wowadziwa. N'chifukwa chake chikalata cha ukwati, ngakhale chili m'Chipwitikizi, musachitaye. Chimamasuliridwa. Ankhoswe ndi amene anaona malowolo akuperekedwa nawonso ndi mboni.

Pali malire ake. Ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 malamulo athu amauletsa, ndipo kuwoloka malire sikuuyeretsa.

Nkhani ya munda ndiyo yosiyana. Malo amatsata malamulo a dziko limene ali, ndipo ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa. Mkangano wa dimba la kutsidya kaudandauleni komweko.