Cass, tauni ya matabwa yomwe njanji yake inatsala pang'ono kuzulidwa yonse ngati zitsulo zakutha

Ku West Virginia m'dziko la America, m'mbali mwa mtsinje wa Greenbrier, kuli katauni kotchedwa Cass. Kanayamba mu 1901 ndipo sikuti anthu anangosonkhanapo okha ayi, anamanga ndi a West Virginia Pulp and Paper Company omwe amafuna mitengo ya spruce ya m'phiri la Cheat yopangira mapepala. Dzinalo ndi la Joseph Cass, mmodzi mwa mabwana a kampaniyo.

Nkhani inali pa katsitsidwe ka mitengo ija. Phirilo ndi lotsetsereka kwambiri moti sitima wamba singakwere, ndiye anagula mainjini a malasha a mtundu wa Shay opangidwa ku Lima, Ohio. Injini imeneyi ndiyodabwitsa anthuni, mapisitoni ake ali mbali imodzi ndipo ndi oimirira, amazunguza shafti yaitali yomwe imakankha mateyala onse kudzera m'magiya, imayenda ngati bilimankhwe koma pokwera mtunda ndi katundu palibe yoiposa. Pomwe phiri lakana kukhota, sitima imapita kutsogolo n'kuima, asinthe njanji, kenako ikwere chobwerera m'mbuyo.

Chomwe chimandikhudza ine ndi nyumba zake. Zoyera, zamatabwa, zofanana m'mizere, mipanda yake yamatabwanso, ngakhale tinjira toyendamo anthu anayala matabwa kuthawa matope. Zonsezo zinali za kampani. Munthu amagwira ntchito pa makina a kampani, kugona nyumba ya kampani, malipiro akalandira kukawasiya m'sitolo ya kampani, ija ya Pocahontas Supply Company yomwe ilipobe mpaka pano, chinyumba chachikulu pafupi ndi siteshoni. Ndiye ntchito ikatha simutaya ntchito yokha, pogona paja papitanso.

Zinaterodi. Mu 1942 a Mower Lumber Company anagula zonse, nkhalango inali itachepa kale, ndipo mu 1960 anatseka makina ocheka matabwa mwadzidzidzi. Njanji ndi mainjini zinagulitsidwa kwa ogula zitsulo ndipo anali atayamba kale kuzula. Anthu okonda sitima ndi amalonda a m'deralo ndi omwe anadandaulira boma la West Virginia mpaka linagula njanjiyo, ulendo woyamba wa alendo unachitika mu 1963. Nyumba zija boma linadzagula mu 1977, anazikonza ndipo lero mlendo atha kulipira n'kugonamo.

Fakitale ya matabwa ndiyo sinapulumuke, inapsa ndi moto mu 1978 ndi 1982, kwatsala zitsulo zadzimbiri basi, ndipo zimandiwawa chifukwa ndi pomwe tauni yonse imadyera. Kumtunda m'phiri kunali tauni ina ya Spruce, iyo inatheratu.

Koma Shay nambala 5, yomwe inafika mu 1905 kudzakoka mitengo, ikugwirabe ntchito pa njanji yomweyo, yokwera ku phiri la Bald Knob, lotalika mamita oposa 1,470.