Kutsikira ku milatho ya miyala ya ku Utah

Ku Natural Bridges, kum'mwera chakum'mawa kwa Utah ku America, ulendo umayamba ndi kutsetsereka. Msewu wa galimoto wozungulira malowa, wa makilomita 14, uli pamtunda, pomwe milatho itatu yachilengedwe, Sipapu, Kachina ndi Owachomo, ili pansi m'zigwembe. Ndiye kuti chintchito chokwera chimadza kumapeto, miyendo italema, dzuwa lili paliwombo, botolo la madzi litapepuka. Njira ya ku Sipapu ndi yaifupi, koma imatsika mamita pafupifupi 150, podzera pa masitepe ndi makwerero a mitengo. Malowa ali pa mamita pafupifupi 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho befu amabwera msanga. Nthawi imene mwatsikira muiwirikize kawiri powerengera yobwerera.

Madzi akumwa amapezeka pa ofesi yolandirira alendo basi. Tengani malita 4 munthu mmodzi pa tsiku, ndipo mukamwa theka, tembenukani, kaya mwafika kaya simunafike. Mpweya wa m'chipululu ndi wouma moti thukuta limauma musanalione, n'kumaganiza kuti simukutaya madzi. Kumwa madzi okhaokha nakonso kuli ndi vuto lake: mchere umachepa m'magazi, mutu n'kuyamba kuwawa, nseru, kenako kusokonezeka maganizo. Mtedza wothira mchere kapena paketi ya ORS zimathandiza. Miyezi yabwino ndi April, May ndi October. Netiweki ya foni musaidalire. Uzani munthu njira yanu ndi ola lobwerera.

Madzi a mitsinje ndi amene anaboola milathoyi. Mtsinje ukamayenda mokhotakhota, pamatsala khoma lopyapyala la mwala wamchenga pakati pa magombe awiri. Madzi osefukira, atanyamula mchenga ndi miyala, amamenya khomalo mpaka kuliboola, mtsinje n'kupeza njira yachidule. Ntchitoyi sinathe. Mu June 1992, miyala yolemera matani pafupifupi 4,000 inagumuka pansi pa Kachina. Owachomo waperepeseka mpaka pakati pake sipakwana mamita atatu kuchindikala. Kukwera pamwamba pa milathoyi n'koletsedwa.

Kuyambira July mpaka September kumagwa mvula yamabingu, makamaka masana. Thanthwe silimwa madzi, ndiye onse amathamangira m'chigwembe nthawi imodzi, ndipo mvulayo ikhoza kugwa kutali inu muli padzuwa. Mukamva mkokomo kumtunda, kapena madzi a mumtsinje akayamba kuda ndi kubwera ndi zinyalala, kwerani pamalo okwera pompo. Musathamangire kumunsi, madziwo simungawapose liwiro.

Pakati pa Sipapu ndi Kachina, pansi pa thanthwe lolendewera, pali mabwinja a Horse Collar. Anamanga ndi makolo a anthu a mtundu wa Pueblo, amene anachoka m'derali chisanafike chaka cha 1300. Pali tinyumba ta miyala yomata ndi dothi, nkhokwe zosungiramo chimanga, ndi kiva, chipinda chochitiramo miyambo. Zidzukulu zawo, monga Ahopi, zilipo mpaka lero ndipo malowa zimawalemekeza. Mlendo ayende ngati ali pamudzi pa eni ake.

Zimene zimawononga mabwinja kawirikawiri si nkhanza, koma kusasamala. Chikwama chakumsana chimakhula khoma munthu akamatembenuka kuti ajambule, choncho chivuleni musanayandikire. Dothi lomata la zaka 700 silipirira munthu wolitsamira. Mafuta a m'manja amadetsa zojambula za pamiyala. Nyenyeswa za chakudya zimaitana makoswe, makoswewo n'kumakumba pansi pa makoma, kadyereni kutali. Mukaona phale la mbiya kapena chitsononkho, chisiyeni pomwe chili. Ena amatola mapale n'kuwaunjika pamwala poganiza kuti akuthandiza, koma phale likachoka pamalo pake, akatswiri ofukula zakale sangadziwenso kuti linali la nyumba iti kapena nyengo iti. Kutenga chinthu chotere ndi mlandu pansi pa lamulo la dzikolo la 1979.

Pomaliza penyani popondapo. Dothi lakuda la timabampu m'mbali mwa njira ndi lamoyo: tizilombo tosaoneka ndi maso, ndere ndi nkhungu zimaluka mchenga kuti usauluke ndi mphepo. Phazi limodzi limaphwanya zimene zimatenga zaka makumi kuti zibwerere. Pondani pa thanthwe, mumchenga wa mumtsinje wouma, kapena m'njira yosonyezedwa ndi timilu ta miyala.