Mulu wa zigoba za nkhono pagombe si dzala wamba

Pa ntchito yanga yofukula zakale ndinaitanidwapo kugombe lina la nyanja yamchere, komwe kampani ina inkakumba maziko a hotela. Ndinafika zinthu zitachitika kale. Chimakina chinali chitadula chitunda cha mchenga pakati, ndipo pakhoma la dzenjelo pankaoneka mizere yosanjikizana: woyera wa zigoba za nkhono, wakuda wa phulusa ndi makala, mchenga, kenako zigoba zina pansi pake. Dothi lofukulidwalo linali litaunjikidwa pambali. Kapitawo anandilandira mwaulemu nati, "Bwana, sitinataye kanthu, zonse zili pamulupo, sankhani zomwe mukufuna." Ankalankhula ndi mtima wabwino, koma chimene ndinadzera chinali chitawonongeka.

Ife sitimasaka zinthu zokongola ayi. Timafuna kudziwa pomwe chinthu chinagona ndi zomwe chinagona nazo. Mkanda wopezeka pansi pa phulusa la pamoto, pomwe makala ake tingawapime n'kudziwa zaka zake, umatiuza kuti anthu ankauvala liti komanso ankadya chiyani pa nthawiyo. Mkanda womwewo ukatoledwa pamulu wa dothi losakanizika ulibenso chotiuza. Zigoba nazo zili ndi ntchito imene ambiri saidziwa: zili ndi laimu amene amachepetsa asidi wa m'nthaka, n'chifukwa chake mafupa a nsomba ndi a nyama, amene kwina akanafumbutuka kalekale, amasungika bwino m'milu yotereyi.

Vuto ndi lakuti malo amene anthu akale ankasankha ndi omwewonso amene omanga akuwafuna lero: pachitunda choyang'ana nyanja, pafupi ndi madzi abwino, pomwe ngalawa zimakocheza bwino.

Ku Pinnacle Point, pafupi ndi Mossel Bay ku South Africa, kuli phunziro lomwe ndimalibwereza kawirikawiri. Mu 1997 akatswiri awiri, Jonathan Kaplan ndi Peter Nilssen, anayendera malowa chifukwa panali mapulani omangapo nyumba ndi bwalo la gofu. Kafukufuku wa ntchito isanayambeyo ndi amene anaonetsa kufunika kwa mapanga a m'mathanthwe a pagombepo. Pambuyo pake gulu lotsogozedwa ndi Curtis Marean linapeza umboni wakuti anthu ankadya nkhono za m'nyanja pamenepo zaka pafupifupi 164,000 zapitazo. Mu 2024 bungwe la UNESCO, lomwe ndi nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse. Komatu bwalo la gofu lija linali litamangidwa kale pamwamba pake, ndipo madzi othirira kapinga anayamba kudontha m'mapanga ena. Omangawo sanakumbe m'mapangamo, koma chiwonongeko chinalowabe kudzera m'miyala. Ndiye chifukwa chake ndimakana akandiuza kuti tingomanga mpanda pozungulira "malo ofunikawo" basi. Madzi, misewu ndi ngalande sizidziwa mpanda. Pamafunika chigawo china chozungulira, chomwe zomangamanga zake zili ndi malire.

Si zokwiririka zokha zomwe zimafunika chitetezo. Ku Lamu, m'dziko la Kenya, tawuni yakale ya Aswahili ili pamndandanda wa UNESCO kuyambira 2001, ndipo moyo wake wakhala wodalira usodzi ndi ngalawa zamatanga. Pomwe doko lalikulu linkamangidwa chapafupi, asodzi anakasuma, ndipo mu 2018 khoti linagamula kuti alipidwe chipukuta misozi. Ndalama zimathandiza, inde, koma mwana amaphunzira kupalasa ngalawa kwa bambo wake pokhapokha ngati malo osodzawo akadalipo. Manda, pokocheza mabwato ndi malo opembedzerapo nthawi zambiri sizilembedwa pamapu, amazidziwa ndi anthu a pamalopo, ndipo ayenera kufunsidwa mapulani asanajambulidwe.

Dzina la UNESCO palokha siliteteza. Mzinda wa Liverpool, ku England, unachotsedwa pamndandandawo mu 2021 chifukwa cha zomangamanga za m'mbali mwa madoko ake akale. Chimene chimaletsa chimakina ndi lamulo la dziko komanso ofesi yopereka zilolezo imene ili ndi mphamvu yokana.

Sindikutsutsa chitukuko. Anthu a m'magombe akufuna ntchito, ndipo ndaonapo hotela ikusunthidwa pang'ono chabe, mulu wa zigoba n'kupulumuka. Koma zimenezi zimatheka kafukufuku akachitika malo asanagulitsidwe. Akachitika maziko atayamba kukumbidwa, katswiri amangosanduka wotola zotsala, wogwira ntchito mothamangitsidwa ndi amene akumulipira. Ndipo nthawi zambiri njira yabwino ndi kusakumba n'komwe, poti ngakhale ife tikafukula malo sitingawabwezeretse, pamene adzukulu athu adzakhala ndi zipangizo zopimira zoposa zathu.

Kuhotela kuja tinagwirizana ndi eni ake kuti mbali ya chitunda yomwe inatsala isakhudzidwe. Tinaijambula mzere uliwonse, tinatenga makala pang'ono okapima, kenako tinaivundikira ndi nsalu yolimba n'kukwirira mchenga. Mulu wa pambali uja tinausefa kwa masiku angapo ndipo tinapezamo mikanda ndi mapale, zomwe mpaka lero zili m'bokosi lolembedwa kuti "pomwe zinagona sipadziwika".