Phwando la ku Nashville limene linalephereka

Mu 2016 yunivesite ya Vanderbilt, mumzinda wa Nashville ku America, inalipira madola 1.2 miliyoni kuti ifafanize mawu akuti "Confederate" pa nyumba yogona ophunzira. Mawuwo ankakumbutsa mbali ya kummwera kwa dzikolo imene inamenya nkhondo yapachiweniweni yoteteza ukapolo. Dzina linachoka pakhoma, koma anthu akukanganabe za alakatuli otchuka amene sukuluyi imanyadira.

Ukapolo unatha mu 1865. Mu 1922 John Crowe Ransom, Donald Davidson, Allen Tate ndi anzawo a pa Vanderbilt, onse azungu, anayambitsa magazini ya ndakatulo yotchedwa The Fugitive. Luso anali nalo, palibe wotsutsa.

Ine mtima wanga umaima pa 1932. Chaka chimenecho mlakatuli wakuda Langston Hughes ankayendayenda kummwera kwa dzikolo pagalimoto, kulakatula m'masukulu ndi m'matchalitchi a anthu akuda. Mkulu mnzake pa ndakatulo, James Weldon Johnson, nayenso wakuda, ankaphunzitsa pa yunivesite ya Fisk, mumzinda womwewo wa Nashville. Mnyamata wina wachizungu, Thomas Mabry, anakonza phwando loti alembi a mbali zonse adyere limodzi. Tate anakana, ndipo anachita kulemba kalata. Ananena kuti alembi awiriwo angathe kucheza nawo ku New York, koma osati kummwera, poti kumeneko kudyera pamodzi ndi njira yopita ku maukwati a pakati pa mitundu. Phwando linathera pomwepo. Johnson, bambo wa zaka 60 amene anaimirapo America ku Venezuela ndi ku Nicaragua, anayesedwa wosayenera mpando patebulo.

Omuikira kumbuyo Tate amaloza mawu oyamikira amene analemba pa buku la mlakatuli wakuda Melvin Tolson lonena za Liberia, lotuluka mu 1953. Umboniwo ndi woona, koma kwa ine ndi wopepuka poyerekeza ndi kalata ija: anamutamanda Tolson makamaka chifukwa chodziwa kalembedwe ka Angerezi ndi Amerika, ndiye kuti muyezo unali wake womwe.

Mnzawo wa Tate ndi Davidson, Robert Penn Warren, amene mu 1930 analemba zoikira kumbuyo kulekanitsa mitundu, anadzabweza mawu ake poyera, ndipo mu 1964 anayenda ndi makina ojambulira mawu kukamva kwa Martin Luther King ndi Malcolm X, atsogoleri omenyera ufulu wa anthu akuda. Davidson sanasunthe. M'zaka za m'ma 1950 ankatsogolera gulu lokana kuti ana akuda ndi oyera aphunzire m'kalasi imodzi ku Tennessee.