Mfuti yosuluka si yakutha

Ku America ena amaganiza kuti revolver, mfuti ya m'manja yokhala ndi kagudumu kozungulira koikamo zipolopolo, ikasuluka mtundu ndiye kuti yatha, ndipo amathamangira kukaiwalitsanso. Kumeneko n'kudzipweteka. Tengani revolver yotchedwa Colt Single Action Army, yomwe inayamba kupangidwa mu 1873: kusuluka kwa kunsonga kwa mpope kumabwera chifukwa chokhulana ndi chikopa cha m'chimake, basi. Chowononga chenicheni ndi dzimbiri la m'kati, makamaka m'mfuti za wonga wakuda, poti zotsalira zake zimakoka chinyezi zikapanda kutsukidwa. Ngakhale yosaombedwapo imadyedwa ndi dzimbiri ikasungidwa ponyowa. Komanso osonkhanitsa mfuti zakale amatsitsa mtengo akaona kuti yapakidwanso mtundu watsopano. Iwo amafuna wakale womwewo, ngakhale utafwifwa.