Idyani Zomwe Zachuluka pa Msika: Uthenga wa Zaumoyo kwa Mabanja a mu Lusaka

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Kumeneku ndi ngati kutapa kasanu ndi dzanja lodzaza, ndipo kandolo, mbatatesi ndi chinangwa siziwerengedwa nawo. Ambiri akamva zimenezi amati, "Nanga ndalama yake ichokera kuti?" Funsolo n'lomveka, koma nthawi zambiri limabwera chifukwa tikamva mawu akuti zipatso timaganiza za maapulo ndi mphesa za m'sitolo zazikulu, zomwe zambiri zimachita kuchokera ku South Africa. Thupi silisankha zodula. Chimene chachuluka pa msika wa Soweto mwezi uno, chimene amayi a pamsika akukuikirani mbasela musanapemphe, ndicho chotsika mtengo, ndiponso kawirikawiri ndicho chomwe changothyoledwa kumene.

Chifukwa chake kupsa pa nthawi yake kuli kofunika

Tsamba likangothyoledwa limayamba kutaya zina mwa zofunika m'thupi, makamaka vitamini C ndi folate, yemwe ndi wofunika kwambiri kwa mayi woyembekezera. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Chibwabwa chimene chachoka ku Chongwe kapena ku Chisamba usiku n'kufika pa msika m'bandakucha chimasiyana ndi repu amene wakhala pa thebulo masiku atatu akuwazidwa madzi kuti aoneke wamoyo. Ndiwo zikachuluka zimatuluka msanga, sizigonera pa kantemba.

Palinso nkhani ya mankhwala a kumunda. Mbewu yolimidwa pa nthawi yomwe siigwirizana nayo imavutika ndi matenda ndi tizilombo, choncho mlimi amapopera pafupipafupi. Tomato wa m'dzinja amagwidwa chiwawu, ndipo chibwerere kambozi ka Tuta absoluta m'dziko muno mu 2016 alimi a tomato sapuma pa kupopera. Repu wa mu Okutobala amadzaza nsabwe. N'chifukwa chake tomato amadula mvula ikamagwa, ndipo nthawi zina amafika ndi zoyerayera za mankhwala pakhungu. Bondwe womera yekha kuseri kwa nyumba mvula ikayamba safuna zonsezo.

Chaka chimayenda motere

Kuyambira Novembala mpaka Januwale ndi nthawi ya mango ndi masuku. Mango wakupsa bwino, wofiirira m'kati, ali ndi zomwe thupi limasandutsa vitamini A, woteteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda. Mwana amene wadya mango awiri pochokera kusukulu wapindula kuposa amene mwamugulira chakumwa cha shuga ndi majigisi, ndipo mwina mwawononga ndalama yochepa.

Mvula ikakhazikika, ndiwo zathu zachikuda zimabwera zonse pamodzi: chibwabwa, bondwe, kalembula, katapa, lumanda, delele, impwa, ndi bowa monga tente. Apa m'pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa m'tauni muno muli kamtima konyoza ndiwo zimenezi, ngati kuti kudya bondwe ndi chizindikiro chakuti malipiro atha. Zoona zake n'zakuti masamba obiriwira kwambiri ngati bondwe ndi chibwabwa amaposa kabichi woyera uja pa vitamini A ndi ayironi, yemwe amathandiza kupanga magazi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, ndipo oposa theka anali ndi magazi ochepa. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi ndi mbale yomwe tsiku ndi tsiku imakhala nsima ndi msuzi basi. Mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, tsamba lophikidwa bwino n'kulipota likhoza kulowa m'phala lake, uku akupitiriza kuyamwa.

Cha mu Malichi mpaka Meyi kumabwera magwafa, makotapela, maungu ndi nshawa zaziwisi. Gwafa ali ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje, ngakhale kuti ndi chipatso chomwe ana amangogenda pa mpanda wa aneba. Kukayamba kuzizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi nthawi ya malalanje, manachesi ndi mandimu, komanso masau ochokera kuchigwa monga ku Luangwa ndi ku Chirundu. Repu, chainizi ndi kabichi zimachita bwino m'chisanu ndipo zimatsika mtengo. Malambe, amene ena amati mabuyu, amapezeka m'chilimwe ndipo ufa wake mukhoza kuusakaniza m'phala.

Musawononge pophika

Kugula ndiwo zabwino n'kuziphika mpaka zitada ndi kutaya ndalama. Tsukani masamba musanadule, osati mutadula. Thirani madzi ochepa, phikani kanthawi kochepa, ndipo msuzi wake musataye. Soda amafewetsa msanga komanso amasunga mtundu wobiriwira, koma amawononga mavitamini ena. Ngati delele simungamudye wopanda soda, thirani pang'ono chabe. Vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, choncho kutendera ndi nsinjiro, monga timachitira ndi ifisashi, ndi nzeru yakale yomwe azaumoyo amagwirizana nayo. Lalanje kapena gwafa mukangotha kudya amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa. Katapa yekha ndiye wosiyana: ameneyu musinjeni ndi kumuphika mokwanira, chifukwa wosapsa ali ndi poizoni.

Amene muli ndi matenda a shuga, zipatso sizoletsedwa, koma musamalize beseni la mango nthawi imodzi. Idyani pang'onopang'ono, chipatso chenicheni osati juwisi, ndipo funsani kukiliniki mlingo wokuyenerani.

Dzinja lili ndi zoopsa zake

Nyengo ya mango ndi ndiwo zambiri ndi nyengo yomweyonso ya kolera. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unakula mpaka bwalo la National Heroes linasandutsidwa malo othandizirapo odwala mu Januwale 2024, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Mango sayambitsa kolera, ngakhale ena amati amayambitsa. Chimene chimadwalitsa ndi madzi oipa, manja osasamba ndi ntchentche. M'madera monga Kanyama, kumene madzi amasefukira n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi, chipatso chogwera pansi kapena choyalidwa pafupi ndi ngalande chimatenga tizilombo mosavuta.

Gulani zomwe zaikidwa pamwamba, osati pa saka loyalidwa m'matope. Zipatso zodulidwa kale, monga vwende kapena chinanazi chosenda chomwe chakhala poyera, zisiyeni; gulani chathunthu mukadule nokha. Kunyumba tsukani chilichonse ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, ngakhale chimene mukasende, chifukwa mpeni umatenga litsiro la pakhungu n'kulilowetsa m'kati. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, mupatseni ORS, madzi a shuga ndi mchere aja, nthawi yomweyo ndi kuthamangira naye kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Bowa gulani kwa anthu omudziwa, ndipo akhale mtundu womwe inunso mukuudziwa. Palibe kaphikidwe kamene kamachotsa poizoni wa bowa wakupha, ndipo zizindikiro zake zikhoza kuchedwa maola angapo. Ana asatole okha.

Sungani za Okutobala

Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yovuta: kwatentha, madimba ena auma, kamtolo ka repu kachepa koma mtengo uli pomwepo. Konzekerani mu Febuluwale ndi Malichi, pamene chibwabwa ndi masamba a nyemba zili mbwee. Viikani masambawo m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako yanikani pa mphasa yoyera kapena pa thandala, pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa la phwee limapha vitamini A. Mfutso ukauma mpaka kumathetheka m'manja, uikeni m'chigubu chotseka bwino, pamalo pouma. Ukayamba kununkha chinyezi kapena kuoneka nkhungu, utayeni.