Kapaipi kodontha kuseri kwa bafa musakatseke

M'nyengo yozizira yapitayi anandiitana ku Chelston mu Lusaka, kunyumba ina ya zipinda zitatu. Amayi eni nyumba anandilandira ndi dandaulo pageti pomwe: "Ba pulambala, giza yathu ikulira usiku ngati ketulo, ndipo madzi ake ngotentha moti ana akuopa kusamba." Ndisanakwere m'siling'i ndinayamba ndazungulira kuseri kwa bafa. Timapaipi tiwiri totulukira pakhoma tinali totseka ndi zitsekerero zachitsulo, zokulungidwa bwinobwino ndi tepi yoyera. Akuti koyamba kankadontha n'kumadetsa penti, ndiye mnyamata wina anawathandiza kukatseka. Patapita milungu kachiwiri kanayamba kulavula madzi otentha, iye n'kubweranso kudzatseka. Ndinawapempha kuti tizimitse kaye giza pa bokosi la magetsi, zokambirana zibwere pambuyo.

Madzi akatentha amafufuma. Giza ya malita 150 ikatenthetsa madzi ozizira kufika madigiri 60, madziwo amawonjezeka ndi malita awiri kapena kupitirira pang'ono, pomwe chithanki chake n'chachitsulo, sichitanuka. Owonjezekawo ayenera kupeza potulukira, ndipo potulukira pake ndi valavu ya pa paipi yolowetsa madzi ozizira, pamene pamachokera kapaipi koyamba kaja. Kudontha kumene mumaona giza ikamatenthetsa ndiye ntchito yake imeneyo, sikuti yawonongeka. Koma ikamachucha osaleka usana ndi usiku, ngakhale giza ili yozimitsa, pamenepo ndiye valavu yatha kapena mwalowa mchenga, ndipo mankhwala ake n'kuitsuka kapena kusintha.

Kapaipi kachiwiri ndiye kamene kamandisowetsa tulo. Kamachokera pa valavu yomangidwa pa giza penipeni, imene ife timaitchula kuti TP. Masiku onse imakhala chete. Imatseguka pokhapokha madzi akayandikira kuwira kapena mphamvu ya m'kati ikapitirira imene giza inapangidwira; magiza ambiri amene timaika kuno amalembedwa 400 kPa kapena 600 kPa pa kachikwangwani kake. Thermostat, kachipangizo kozimitsa magetsi madzi akatentha mokwanira, ikafa ili yoyaka, elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'kati mwa giza, imangotenthetsabe. M'thanki yotseka madzi amatha kupitirira madigiri 100 osawira, chifukwa apanikizika. Chitsulo chikangong'ambika, ena mwa madziwo amasanduka nthunzi nthawi imodzi, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka kuposa madzi maulendo oposa 1,600. Mphamvu imeneyo imatha kuchotsa denga ndi kugwetsa khoma. Mukaona TP ikutulutsa madzi otentha kapena nthunzi, zimitsani magetsi a giza, musayandikire, itanani wodziwa. Paipi yake iyenera kukhala yachitsulo, yotsetsereka, yotulukira kunja pamalo pamene mwana sangaimirire.

Amene giza yanu imalandira madzi kuchokera kuthanki ya pamwamba popanda pampu, mwina mulibe mavalavu amenewa, koma muli ndi paipi yoimirira yotseguka kumwamba. Lamulo lake ndi lomwelo. Ikamasefukira, pali chimene chalakwika, ndipo chitsekerero sichichikonza.

Nanga n'chifukwa chiyani ma thermostat ndi maelementi amafa msanga chonchi mu Lusaka? Yang'anani m'ketulo yanu. Zoyera zokakamira pansi zija ndi laimu. Mzinda uno unakhala pa thanthwe la miyala ya laimu, yomweyo imene amapangira simenti ku Chilanga, yomweyonso imene amayi amaphwanya m'mbali mwa misewu. Madzi ena a m'mipopi amachokera ku mtsinje wa Kafue, koma ochuluka ndithu amatengedwa pansi pa nthaka, ndipo amene muli ndi borehole panyumba mukumwa a m'thanthwe lomwelo. Madzi oterewa akatenthetsedwa amasiya laimu pa chilichonse chotentha. Elementi imavala chikhakha, kutentha kwake kumalephera kudutsa, ndiye imadzipsereza yokha. Kulira kwa ngati ketulo kuja ndi madzi amene akuwira pansi pa chikhakhacho. Ndinatsegulapo magiza amene pansi pake ndinakokolola laimu wodzaza ndowa.

Laimu amachuluka madzi akamatentha kwambiri, n'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu oika thermostat pa 70 kapena 75 poti madzi akhalitse. Sindigwirizananso ndi oitsitsa pa 45 poti asunge mayunitsi. Pakati pa madigiri 20 ndi 45 mumaswana tizilombo totchedwa Legionella, timene timalowa m'mapapo kudzera mu timadontho ta m'shawa n'kuyambitsa chibayo choopsa. Ikani pa 60. Koma dziwani kuti madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, ndipo la mwana ndi la agogo limapsa msanga kuposa lanu. Posambitsa mwana yambani kuthira ozizira, otentha pambuyo, ndipo yesani ndi chigongono.

M'giza mulinso ndodo ina imene eni nyumba ambiri sanaimvepo, ya chitsulo chofewa cha magnesium. Timati anode. Inaikidwa kuti dzimbiri lizidya iyo m'malo modya thanki. Ikatha, dzimbiri limatembenukira ku giza, ndipo tsiku lina mumadzuka siling'i itanyowa. Auzeni a pulambala aione ndodoyo chaka ndi chaka, kapena pakapita zaka ziwiri, atsukiretu laimu pomwepo. Ndodoyo mtengo wake sufika n'komwe pafupi ndi wa giza yatsopano. Pansi pa giza ya m'siling'i payeneranso kukhala thireyi yolandira madzi yokhala ndi paipi yakeyake. Imeneyo ikadontha ndiye kuti giza ikuchucha.

Pali imfa ina ya elementi imene tinaidziwa bwino mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi n'kumabwera maola owerengeka, nthawi zambiri pakati pa usiku. Magetsi akapita pampu imaima, thanki imauma, anthu amatsegulatsegula mipopi mpaka madzi a m'giza atsika. Kenako magetsi amabwera aliyense ali mtulo, elementi n'kuyaka ili pamphepo. Yopanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa zedi. Madzi akangosiya kutuluka, zimitsani giza. Akabwera, tsegulani mpopi wa otentha mpaka usiye kutsokomola, madzi azituluka mosadukiza, ndiyeno muyatse. Ndipo musayembekezere zodabwitsa: elementi ya 3 kW imafuna maola awiri ndi mphindi zina kuti itenthetse malita 150, ndipo imadya mayunitsi pafupifupi 7.

Elementi yong'aluka nthawi zina siferatu, imangotayira magetsi m'madzi. Mukagwira mpopi wa m'shawa n'kumva kukutsinani, musati n'zazing'ono, musakulunge nsanza pampopi n'kupitiriza kusamba. Zikutanthauza kuti waya wa earth, wotaya magetsi osochera m'nthaka, palibe kapena waduka, ndipo tsiku lina magetsiwo adzadutsa mwa munthu woima pansi ponyowa. Imeneyi si ntchito yanga ndekha. Pamafunika wa zamagetsi ayeze nyumba yonse.

Tsono giza ikafa mu June kapena July, usiku kukuzizira mpaka pansi pa madigiri 10, mbaula imalowa m'nyumba. Apa ndimalankhula ngati kholo osati ngati mmisiri. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wosaoneka. Ambiri amakhulupirira kuti makala akafiira, utsi ukatha, ngozi yatha. Ayi, mpweyawo umatulukabe. Umakakamira m'magazi pamalo pa mpweya wabwino, munthu amamva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo tokoma, ndipo wogona sadzuka n'komwe kuti amve zimenezo. Bafa n'kachipinda kakang'ono, kawindo kake kamodzi timakatseka chifukwa cha mphepo. Phitsani madzi panja, mulowe ndi ndowa yokha. Mbaula isagone m'chipinda, ngakhale ikuoneka ngati yazima. Mukapeza anthu angapo m'nyumba imodzi akudandaula mutu pamodzi, atulutseni panja, tsegulani zitseko, thamangani nawo kuchipatala ngakhale anene kuti apeza bwino. Mkaka suchotsa mpweya umenewu m'magazi.

Ku Chelston kuja, giza itazizira ndinapeza thermostat itakakamira yoyaka, elementi itakutidwa ndi laimu ngati chinangwa chosasenda, ndipo anode itatsala kawaya kokha. Tinasintha zonse zitatu pamodzi ndi mavalavu onse awiri. Amayi aja nkhawa yawo inali idakali pa penti, ndiye kapaipi koyamba ndinakatalikitsa kuchoka pakhoma mpaka pa mtengo wa mandimu umene uli pafupi ndi mpanda. Ka TP ndinakasiya poonekera, kuloza pansi, ndipo ndinawaonetsa iwo ndi mwana wawo wamkulu swichi ya giza pa bokosi, tinailemba ndi cholembera chofiira.